Mwana wa mlongo wanga akufuna uloya, kodi khomo la ku Chanco n'lotheka kwa ife a kunyanja?

Mjomba wa ku Makawa analemba:

Moni nonse. Ine ndimakhala ku Makawa, m'boma la Mangochi, mumsewu wa ku Monkey Bay. Ntchito yanga ndi yogula usipa ndi utaka kwa eni zilimira, kuyanika pathandala, kenako kukagulitsa ku Limbe. Sukulu ndinalekezera Fomu 2. Nkhani yomwe ndabwera nayo ndaifunsa kale kwa anthu atatu, ndipo aliyense wandiuza zake, n'chifukwa chake ndati ndiitule pano.

Alamu anga anamwalira mu 2018. Tisanasese n'komwe, abale awo anabwera ndi galimoto, anatenga injini ya boti, maukonde awiri ndi malata 24 amene anali atatsamiritsidwa kuseri kwa nyumba kudikira kufolera. Mlongo wanga anali m'nyumba akulira, ine ndinali kudoko. Amene anaona zonse ndi mwana wawo woyamba, mtsikana, nthawi imeneyo ali Sitandade 6. Anaima pakhonde atabereka mng'ono wake, akuwerenga malatawo limodzilimodzi pamene ankakwezedwa. Nambala ya 24 ija tinaimva kwa iyeyo. Tinayenda kwa amfumu, tinayenda kuofesi ina paboma maulendo asanu, ndalama yathiransipoti inatha, tinangozisiya. Tikubwerera ulendo womaliza, tili pamwamba pa matola, mwanayo anandiuza kuti, "Ajomba, ine ndidzakhala loya."

Ndinkayesa zachibwana. Koma chaka chino walemba Fomu 4 pasukulu yoyendera, wapeza mapointi 12. Chingerezi 1, History 1, Chichewa 2, Geography 2, Biology 3, Agriculture 3. Masamu ndiye anamuvuta, wapeza 6. Ankawerengera nyali ya sola yomwe ndimaunikira nsomba usiku.

Tsono ahedi ake akuti zamalamulo sasankha ukangochoka ku Fomu 4, umayamba kaye zina. Mnzanga wina wapamsika ku Limbe akuti ndisadzivute, kumeneko kumalowa ana a anthu odziwika. Mlongo wanga akufuna mwanayu apite ku unamwino, akuti ntchito yake sisowa. Palinso mnyamata wina ali ku Joni watumiza kale foni ndi mawu a ukwati, koma zimenezo monga mwini mbumba ndakana, ndipo foniyo ndinaibweza.

Funso langa ndi ili. Kodi kulowa kwake n'kovutadi chotani? Zaka zake ndi zingati? Nanga akamaliza, ntchito imapezeka, kapena tidzangomuona akuzungulira ndi envulopu? Ndili ndi kapuloti ku Mpondasi komwe ndikuganiza zogulitsa kuti ndimulipirire. Ndiuzeni zoona, ngakhale zowawa.

Loya wa kwa Jalasi anayankha:

Ajomba, choyamba mumuyamikire mwanayo m'malo mwanga. Mapointi 12 pasukulu yoyendera si masewera. Chachiwiri, pulotiyo musagulitse. Ndibwereranso pamenepa.

Ine kwathu ndi ku Namwera, bambo anga anali telala wapakhonde la sitolo. Ndinaphunzira zamalamulo ku Zomba, pasukulu yomwe tonse timaitchulabe kuti Chanco ngakhale kuti kuyambira 2021 dzina la University of Malawi linatsalira iyoyo, makoleji enawo atadziimira paokha. Ahedi anena zoona. Makomo ndi awiri, ndipo anthu ambiri amangoona loyambalo.

Khomo loyamba ndi lolowera kuyunivesite ya boma. Mafomu ake amadzera ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a m'mayunivesite, ndipo chofunika ndi makirediti asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi. Pamenepa mwana wanu ali pabwino. Asankhe maphunziro ngati a humanities, a social science kapena a uphunzitsi. Akalowa, chaka choyamba chonse ndi mpikisano, ngakhale palibe amene adzamuuze choncho. Ayenera kumaliza chakacho ndi magiredi apamwamba. Kenako sukulu ya zamalamulo imalengeza payokha kuti ofuna alembere, ndipo oyenerera amaitanidwa kukalemba mayeso olowera. Ili ndiye khomo lachiwiri, ndipo ndi lopapatiza kwambiri.

Tsiku lomwe ndinalowa m'holo ya mayeso amenewo sindidzaliiwala. Ndinkaganiza kuti ndikapikisana ndi anzanga achaka choyamba. Kumanja kwanga kunakhala bambo wa imvi, mphunzitsi wa sekondale wokhala ndi digiri yake kale. Kutsogolo kunali wapolisi, kumbuyo mayi wina wogwira ntchito kubanki. Holo yodzaza, koma malo ongokwana kalasi imodzi. Mapointi anga a Fomu 4 analibe ntchito mmenemo. Ankafuna kuona ngati ungawerenge nkhani yaitali m'Chingerezi, kuimvetsa, kupeza pamene mfundo yapotoka, n'kulemba maganizo ako mwadongosolo nthawi isanathe. Ulendo woyamba sindinatengedwe. Ndinalira sabata yathunthu m'kachipinda kanga ku Chikanda. Ndinapitiriza chaka chachiwiri cha maphunziro omwe ndinalowera, ndinayesanso, ndinatengedwa. Ukatengedwa ndi zaka zinayi. Ndiye werengerani zisanu ngati zonse zayenda bwino, kwa ine zinakwana zisanu ndi chimodzi.

N'chifukwa chake ndikunena motsindika kuti maphunziro oyambawo asasankhe mongoponya. Asankhe chinthu chomwe angakhale nacho moyo wake wonse ngati khomo lachiwiri litakana. Ndaona anzanga amene analowa maphunziro omwe sankawafuna, poti ndi pongodutsira, kenako kuzamalamulo osatengedwa, n'kukhala zaka zitatu akuphunzira chinthu chomwe mtima wawo suli. Ena anasiyira panjira.

Za mnzanu wa ku Limbe, ine ndingonena zomwe ndinaona. Ndinalibe wachibale aliyense ku Zomba, dzina la bambo anga limadziwika ndi anthu osoketsa mayunifomu basi. Chomwe ana a m'tauni amatiposa si dzina, ndi Chingerezi cha pakamwa komanso kuzolowera kutsutsana ndi akuluakulu. Ife tinaleredwa kuti wamkulu akamayankhula uziyang'ana pansi. Mukalasi ya zamalamulo mphunzitsi amakuimiritsa n'kukufunsa chifukwa chomwe ukuganiza kuti jaji analakwitsa. Miyezi yoyamba mawu ankandiuma pakhosi. Zimatha, koma ayambe pano. Mukamabwera kuchokera ku Limbe muzimugulira nyuzipepala, ngakhale yadzulo, aziwerenga nkhani za kukhoti ndi ndemanga za akonzi, kenako azikufotokozerani m'Chichewa zomwe wamva, inu muzimutsutsa. Apezenso buku la malamulo oyendetsera dziko lino a 1994, awerenge mutu wachinayi wa zaufulu wa anthu mpaka auzolowere.

Tsono za puloti. Kuli bungwe la boma lobwereketsa ndalama kwa ophunzira a m'mayunivesite, mwana wamasiye ngati ameneyu alembere akangosankhidwa, ndipo mapepala onse a imfa ya bambo ake muwasunge bwino. Ngongoleyo siikwanira zonse, mudzafunikabe kumutumizira ya lendi, ya chakudya ndi yofotokopetsa, poti kuzamalamulo timawerenga milandu yambirimbiri. Koma zimenezo zimafuna ndalama yobwera pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi kwa zaka zisanu, osati mulu umodzi womwe udzathe chaka chachiwiri. Thumba la ufa ndi kabasiketi ka usipa wouma zochokera kwa inu zidzamuthandiza kuposa momwe mukuganizira. Ine amayi ankanditumizira nandolo ndi ufa pa minibasi ya ku Liwonde.

Mkulu wake wa loya wina, wa ku Ndirande, anayankha:

Achemwali a kwa Jalasi afotokoza bwino za kalowedwe, koma funso lachitatu la bambowa alidumpha. Ine ndiyankhe limenelo, chifukwa ndinalipirira mng'ono wanga mpaka kumaliza.

Tsiku lomwe analumbira pamaso pa Jaji Wamkulu tinachita phwando, tinapha mbuzi. Kumudzi anthu anayamba kutipatsa moni wina. Koma chaka choyamba ndi chachiwiri lendi yake ndinkamuthandizabe ndine. Loya watsopano saloledwa kungotsegula ofesi yake, amayamba wagwira pansi pa wamkulu. Mwana ankachoka m'nyumba 6 koloko m'mawa, kubwera 9 koloko usiku, Loweruka lomwe, atanyamula mafayilo a abwana ake pa minibasi, suti yakuda ili mbuu ndi fumbi. Malipiro ake mukanawaona simukanakhulupirira kuti ndi a munthu amene anthu akumutchula kuti bwana loya. Magalimoto akuluakulu mumawaona aja ndi a anthu ochepa amene akhala m'ntchitoyi zaka zambiri ndipo ali ndi makampani omwe amawapatsa milandu.

Chinanso, kale ophunzira zamalamulo m'dziko muno ankachokera ku Zomba kokha. Pano ku Catholic University ku Nguludi akuphunzitsanso, ena akuchokera kunja n'kudzera ku MILE, sukulu yokonzekeretsa omwe ali kale ndi digiri ya zamalamulo, kuti aloledwe kuimira anthu. Chaka chilichonse olumbira akuchuluka, pomwe maofesi a maloya adakali odzazana ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu. Sindikuti asapite. Ndikungoti musawerengere kuti akangomaliza ndiye kuti malata aja abwerera chaka chomwecho. Mayi akewo akamanena za unamwino muwamvetse, atopa ndi kudikira.

Womasulira wopuma, M'baluku, anayankha:

Bambo a ku Makawa, nkhani yanu yandikhudza moti ndapempha mdzukulu wanga andilembere, maso anayamba kuvuta. Ndagwira ntchito yomasulira m'makhoti a chigawo chino zaka zoposa makumi awiri, Chingerezi, Chichewa ndi Chiyao.

Ndikuuzeni chomwe ndinaona tsiku lina, ndipo sichinali chachilendo. Anabweretsa mayi wa cha ku Makanjira, atagona m'chitokosi masiku angapo, nsalu yake ili yomweyo yomwe anamugwira nayo. Mlandu unali wa mbuzi yomwe ankakanganirana ndi mlamu wake. Ndinamuwerengera mlanduwo m'Chiyao, n'kumufunsa ngati wamva. Anati, "Elo." Ndinamufunsa ngati akuvomera. Anatinso, "Elo," maso ali pansi, manja atawapinda pachifuwa. Ine ndinadziwa kuti "elo" ameneyo ndi waulemu, wa munthu amene sanazolowere kunena "ngwamba" pamaso pa bwana wokhala pampando wautali. Koma womasulira saloledwa kuwonjezera zake, ntchito yake ndi kutembenuza mawu basi. Mwamwayi woweruza wa tsiku limenelo anali wofatsa, anamufunsa kuti afotokoze yekha zomwe zinachitika, ndipo zitamveka analemba kuti akukana mlandu. Akanakhala wothamangira nthawi, mayi uja akanalowa ndende chifukwa cha ulemu. Pambali pake panalibe loya. Pa anthu khumi omwe ndinkawamasulira, ambiri analibe.

Malamulo alipo abwino. Gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko limati womangidwa afikitsidwe kukhoti pasanathe maola 48, ndipo auzidwe chifukwa chomwe wamangidwira m'chiyankhulo chomwe amamva. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaika patsogolo mkazi ndi ana a malemu, ndipo kulanda chuma chotero ndi mlandu womangitsa. Mukuona, pamene injini ija inkakwezedwa pagalimoto mu 2018, lamulolo linali litakhalapo kale zaka zisanu ndi ziwiri. Chomwe chinasowa pakhomo panu ndi munthu wolidziwa. Kulinso Legal Aid Bureau yomwe imaimira anthu osauka, koma maloya ake ndi ochepa poyerekeza ndi milandu, ndipo boma lathuli ndi lalikulu, kuchokera ku Makanjira kapena kwa Katuli kufika paboma ndi ulendo wodya ndalama. Milandu ikuluikulu ndi ma apilo ndiye za Khoti Lalikulu, lomwe kaundula wake wapafupi ali ku Zomba.

Ndiye bambo a ku Ndirande akamati maloya achuluka, ndikuti achuluka kumene kuli ndalama. Kuno sanachuluke. Loya woti akhale pansi ndi mayi wa ku Makanjira n'kumva nkhani yake m'Chiyao popanda ine pakati, pazaka zanga zonse ndinawaona owerengeka. Ngati mwanayo amayankhula Chiyao asachitaye, ndi chuma.

Ndiwonjezere kuti khomo la digiri likakana, njira sinathe. Alipo ma paralegal amene amayendera ndende ndi mapolisi kuthandiza anthu za belo, alipo oweruza a makhoti ang'onoang'ono amene anayamba ngati makalaliki n'kuphunzira ali pantchito. Ena mwa iwo anadzalowa digiri ali akuluakulu, ngati bambo wa imvi amene achemwali amutchula uja.

Loya wa kwa Jalasi anayankhanso:

Achimwene a ku Ndirande sananame, ndipo funsolo sindinalidumpe dala. Zaka zoyamba ndi zowawa. Inenso ndinayamba ndi nsapato imodzi yakuda yomwe ndinkaipaka polishi mpaka chikopa chinang'aluka. Koma pa anzanga omwe tinamaliza limodzi, amene ndikudziwa komwe ali, palibe amene akukhala pakhomo. Si onse ali m'maofesi a maloya. Ena ndi oimira boma pamilandu ku Unduna wa Zachilungamo, ena ndi mamajisitireti, ena ali ku Legal Aid, ku bungwe lothana ndi katangale, kumabanki, kumakampani a inshuwalansi, kumabungwe omenyera ufulu. Pepala limeneli limatsegula zitseko zambiri kuposa mapepala ena, kungoti si zonse zili ndi ndalama zambiri kuseri kwake. Ya boma imakupatsa milandu yochuluka ndi malipiro ochepa, koma umaphunzira msanga, chifukwa chaka choyamba chomwe umaima wekha pamaso pa jaji.

Za unamwino ndisanyoze, ndi ntchito yolemekezeka. Koma mayi ake adziwe kuti anamwino nawonso amamaliza n'kudikira kuti boma liwalembe. Komanso mwana amene wapeza 1 mu History ndi 6 m'masamu akudziuza yekha komwe mutu wake uli.

Poti ndi mtsikana, mumuuze mayina awa. Anastasia Msosa anakhala mayi woyamba kukhala Jaji Wamkulu wa dziko lino mu 2013. Pa majaji asanu amene pa 3 February 2020 anagamula kuti chisankho cha pulezidenti cha 2019 chichitikenso, panali mayi, Ivy Kamanga. Martha Chizuma anakhalapo majisitireti asanakhale Ombudsman, kenako mu 2021 mkulu wa bungwe lothana ndi katangale. Ndimawatchula chifukwa ine ndili Fomu 4 ku Namwera sindinkadziwa mayi ngakhale mmodzi wovala mkanjo wakuda uja, ndipo zinkandivuta kudziona ndekha nditauvala.

Bambo womasulira, mawu anu andilasa. Inenso ndine wa Chiyao, koma ndikugwira ntchito mumzinda, kwathu ndimangopita pa Eid ndi pamaliro. Ndikafika, anthu amandidikira pakhonde la bambo ndi mapepala awo m'majumbo, nkhani za minda, za ukwati watha, za mwana wamangidwa ku Joni. Ndimathandiza zomwe ndingathe masiku awiri, n'kubwerera. Kutsegula ofesi ku Mangochi ndimakuganizira, chomwe chimandigwira ndi chakuti anthu ofuna thandizo kwambiri ndi omwe sangathe kulipira, pomwe ine ndili ndi ang'ono anga atatu kusukulu. Mwana wa ajombawa akadzafika pamenepa adzakumana nalonso funso lomweli, ndipo ndi bwino alidziwiretu.

Mjomba wa ku Makawa anabweranso:

Zikomo nonse, sikomo kwejinji bambo a ku M'baluku. Ndinamupatsa mwanayo foni kuti awerenge yekha. Anawerenga kawiri, pa nkhani ya mayi wa mbuzi paja anakhala chete nthawi yaitali. Kenako anawawerengera mayi ake, akuwamasulira pomwe sanamve. Mlongo wanga sananene kuti wavomera, anangofunsa kuti ku Chikanda kumeneko atsikana amagona motetezeka bwanji. Ndikumudziwa, akafunsa choncho ndiye kuti wayamba kufewa.

Dzulo tinakwera limodzi kupita paboma, tinalowa mu kafe ina pafupi ndi wotchi ija ya pamlatho kukaona za mafomu. Wasankha kuika uphunzitsi wa Chingerezi ndi History patsogolo, akuti zikakanika kuzamalamulo adzabwera kudzaphunzitsa konkuno n'kumayesabe. Ndinamugulira nyuzipepala ziwiri. Madzulo anandifotokozera nkhani ina ya belo, ine n'kumutsutsa monga mwanenera achemwali, mpaka anakwiya n'kuyamba kundiyankha akundiyang'ana m'maso. Sanayambe wachitapo zimenezo.

Puloti sindigulitsa. Ndayankhula ndi mnzanga wa chilimira kuti mwera ukadutsa tizipatula kandalama pa ulendo uliwonse wa ku Limbe, tiziika pa foni ya mwanayo.

Bambo a ku Ndirande, ndamva, malata sindikuwawerengera. Koma ndili ndi funso lina kwa achemwali a loya ndi bambo womasulira. Injini ija ilipobe, ndimaiona padoko lina cha ku Nkope, anangoipaka penti ina. Lisiti yogulira ili ndi mlongo wanga, dzina la malemu likuonekabe bwinobwino. Kodi papita nthawi yaitali kwambiri, kapena tikhoza kupita nayo ku Legal Aid? Ngati n'kotheka ndikufuna tipite ndi mwanayo, akaone ndi maso ake momwe zimayambira.

Loya wa kwa Jalasi anayankha:

Pitani, ajomba, ndipo musachedwenso, chifukwa nkhani za nthawi zimafuna kuti loya aone mapepala enieniwo. Tengani lisitiyo, kalata ya imfa, chiphaso cha mlongo wanu, ndi chilichonse chomwe amfumu analemba nthawi ija. Lisitiyo muifotokope kaye, yeniyeniyo isachoke m'manja mwanu. Nambala ya injini imakhala yodindidwa pachitsulo, penti siifufuta, ndiye muyerekeze ndi yomwe ili palisiti, koma musakayambane ndi aliyense padoko. Mwanayo alembe papepala zonse zomwe anaona tsiku lija, tsiku lake, mtundu wa galimoto, amene analipo, ndi malata 24 aja.